Nsalu Zosanyowa

3 Febuluwale

Amake Mafunso,

Moni wochuluka kwa inu ndi mwana. Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino nonse. Ine kuno ndili bwino, kungoti nsapato za chitsulo kumphuno zimene anatipatsa zikundidya zala. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa ndevu uja wa basi ya Lachisanu. Pa foni timangothamangitsana, moni usanathe yaduka, ndiye ndaganiza zomalemba.

Ntchito ija ndayamba. Ndi fakitale yopanga ufa, koma musayambe kutsuka mapoto, si ufa wodya. Ndi woyera mbee, wopepuka moti thumba lalitali ngati ine ndimalinyamula ndi dzanja limodzi. Ukautapa m'chidebe umayenderera ngati madzi. Eni ake amautchula kuti nano.

Tsiku loyamba anatisonkhanitsa, mayi wina wa ku labu n'kutifotokozera. Akuti uzule tsitsi limodzi, uling'ambe m'litali kachikwi, ndiye kachidutswa kamodziko ndi msinkhu wa kambewu kamodzi ka ufawu. Pali mkulu wina amene ndimagwira naye komanso kugona naye chipinda chimodzi, tonse timamutcha Wayilesi chifukwa pakamwa pake sipazima. Iyeyo anakweza dzanja n'kunena kuti, "Pepani mayi, nanga ife adazi tiyesera chiyani?" Mayiyo anaseka mpaka anavula magalasi.

Ufawu akuti amauthira mu penti kuti khoma lisagwire litsiro, m'matayala, ngakhale m'mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa. Wina wamtundu womwewu akuti umanyamula mankhwala m'thupi n'kukawatula pamene pali nthenda penipeni. Chinthu chikachepa choncho akuti chimasintha khalidwe, ngakhale golide amasanduka wofiira. Mukamuuze Mafunso zimenezi, koma za "chifukwa chiyani" zakezo muthane nazo nokha, ine ndili kutali.

Ntchito yanga ndi kutchera thumba kukamwa kwa makina, kumanga, kusanja. Amatipatsa masiki imodzi yotchinga pakamwa ndi mphuno pa sabata. Poweruka timaima pamzere pa payipi ya mpweya n'kumapoperana kuti ufa uchoke m'maovolosi. Pakhoma analembapo kuti n'zoletsedwa, koma bafa ndi limodzi, anthu tilipo makumi atatu, ndipo basi ya kampani siidikira munthu.

Kangachepe ndatumiza pa foni. Mugule lamba watsopano wa makina anu osokera, wakaleyo musamulumikizenso ndi waya. Za matiresi mwanenazo ndamva. Musamukalipire mwanayo, zaka zinayi n'zochepa, kukodza pogona adzasiya yekha. Muzingoyanika.

Ine mwamuna wanu.


9 Malichi

Amake Mafunso,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino komanso kuti makina ayambanso kulira. Ine ndili bwino. Kukhosi kokha kumauma, koma tonse kuno tili choncho, madzi ake ndi amchere.

Kalatayi ikubwera ndi katoni. Musatsegule pamaso pa aneba.

Pamwamba pa fakitale pali chipinda chachitsulo chimene mpweya wonse umadutsamo usanatuluke panja. Mkati mwake mwalendewera matumba aataliatali ngati miyendo ya buluku, ansalu yoyera yokhuthala, ndipo ntchito yake ndi kusefa ufa. Akakwana miyezi yake amawachotsa, kuwakulunga m'mapulasitiki n'kuwatsekera kuseri kudikira galimoto ya zinyalala. Nsalu yabwinobwino, yopanda ndi kabowo komwe! Mtima unandipweteka.

Wayilesi anandikokera kuseriko nthawi ya tiyi. Anati, "Taona mphwanga, eni chuma akutaya mabulangete, ife tikufunda majekete." Anatenga imodzi n'kuthirapo tiyi wake. Amake Mafunso, tiyi uja anangogubuduzika timibulu ngati mikanda n'kugwera pansi, nsalu ili gwaa, youma. Ndi ufa umene unalowerera mkatimo, sugwirizana ndi madzi. Pomwepo ndinakumbukira matiresi athu aja mumawakoka tsiku ndi tsiku kupita nawo padzuwa, aneba akuyang'ana.

Ndatenga zisanu ndi imodzi, ndazing'amba m'litali kuti zitambasuke. Mlonda alibe vuto, nayenso ali nazo kwake. Wayilesi wakhala akufunda zimenezi zaka zitatu, ndipo akuti ngakhale nsikidzi zimaziopa.

Mulumikize ziwiriziwiri, inu ndinu telala sindingakuphunzitseni. Ina muyale pansi pa mwana, ina azifunda. Akakodza mungopendeketsa, zitsika zokha. Musavutike n'kuchapa, mungotaya sopo pachabe chifukwa madzi sagwira. Zikada muziziyanika pachingwe n'kuzikuntha ndi ndodo. Zimatuluka kautsi koyera, koma musadandaule, sikanunkha kanthu.

Wina akafunsa muziti ndinagula kusitolo. Zikamveka kuti ndinatulutsa katundu wa kampani, ntchito yatha.

Kuno zinthu zikukwera mtengo ngati zili ndi makwerero, sopo amene ndinagula mwezi watha lero ndangomuyang'ana. Loko wa chitseko chakumbuyo muuze mlamu wanga akonze, asamangolonjeza. Mwanayo mumupsompsone pamphumi.

Ine mwamuna wanu.


20 Epulo

Amake Mafunso,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga katatu. Ine ndikudzuka.

Ndiye mwazisokerera mpendero wofiira! Ndinadziwa kuti m'manja mwanu chiguduli chimasanduka suti. Ndaseka kwambiri pamene mwalemba kuti Mafunso akuti ndi bulangete la adadi, ndipo popanda limenelo sagona. Nanga zoti Loweruka amakulandani ndodo n'kumakuntha yekha, kenako n'kumadumpha m'kautsiko akuti ali m'mitambo? Ndinawerengera anzanga m'chipinda muno. Wayilesi anati mwana ameneyo adzakhala woyendetsa ndege. Kunena zoona, chibwerereni kuno ndi tsiku limenelo limene ndinadzimva kuti ndine bambo.

Za chifuwa chakecho musade nkhawa, nyengo yasintha. Mumugulire mankhwala amadzi aja, ndipo asamasewere pampopi m'mawa.

Kuntchito andikweza, ngati kumeneko n'kukwezedwa. Wayilesi masitepe opita kuchipinda chosefera chija ayamba kumukanika. Amaima pakati, dzanja pabondo, n'kumanamizira kuti akuonera mzinda. Kapitawo wamuika pageti kuti azitsegulira magalimoto, ndiye ntchito yosintha matumba ija andipatsa ine. Awonjezerako pang'ono, muona kumapeto kwa mwezi.

M'chipindamo mumalowa munthu mmodzi, chokwawa. Ukagwedeza thumba limodzi, mwayera monse. Fumbi lakwathu limatuluka n'kukhala pansi, koma ili ayi. Dzuwa likalowera pakabowo umaliona lili lende m'malere, upite kukadya ubwere, ulipeza pomwepo. Masiki ikanyowa ndi thukuta supuma, ndiye umaitsitsa pachibwano. Ndinapempha kapitawo kuti azindipatsa ziwiri pa sabata. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Pageti pali anthu angati ofuna malo akowo?" Ndinangoti zikomo bwana.

Amayi anu akufuna imodzi mwa nsaluzo? Apatseni yotsalayo, asanene kuti mkamwini wawo ndi wouma manja. Zinazo zikhale za mwana.

Ine mwamuna wanu.


2 Juni

Amake Mafunso,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Pepani kuti ndakhala chete, ndipo pa foni sindikuchedwapo. Netiweki ya kuno ikuvuta.

Wayilesi ali m'chipatala, sabata yachitatu tsopano. Anagwa pageti ali ndi makiyi m'manja. Ndinapita kukamuona Lamulungu. Munthu uja wochuluka nkhani, lero mawu awiri apume, mawu awiri apume. Amulowetsa kapayipi m'nthiti, kakutulutsa madzi achikasu kuthira m'botolo pansi pa bedi. Anamuyeza chifuwa chachikulu kawiri, sanachipeze. Dokotala anamufunsa kuti amagwira ntchito yanji, atamuuza analemba nthawi yaitali. Ndikuchoka, Wayilesi anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Mphwanga, mabatire atha." Ndinayesa kuseka, sizinatheke.

Lachiwiri mayi wa ku labu uja anatipeza tikupoperana pa payipi ya mpweya. Sindinamuonepo atakwiya choncho. Anathamanga n'kukatseka yekha. Anati, "Mukudzipha! Fumbi wamba mphuno imaligwira, mumalitsokomola n'kulavula. Ili limadutsa zonsezo n'kukakhala pansi penipeni pa mapapo, pamene chifuwa sichifika. Timbewu tina timatha kulowa ndi m'magazi momwe." Wina anafunsa kuti ndiye timatani m'menemo. Anati ngakhale ophunzira sanamalize kudziwa, zina zimaoneka patapita zaka, n'chifukwa chake salola kusesa pouma kapena kupopera. Ufawu ukakhala mu penti kapena m'tayala ndi womangika, vuto ndi pamene uli wokha m'mpweya.

Kenako anafunsa kuti, "Nanga matumba akale osefera aja akumapita kuti? A galimoto akuti akumawapeza operewera." Tonse tinayang'ana nsapato zathu. Tsoka silinunkha, Amake Mafunso.

Mawa lake anabweretsa mamasiki ena a mphira okhala ndi zosefera m'mbali. Abwera asanu, ife tilipo makumi atatu.

Mwati chifuwa cha mwana sichikusintha, ndipo akathamanga pang'ono akumakhala pansi. Mupite naye kuchipatala chachikulu, osati kogula mankhwala. Ndatumiza yoyendera.

Nsalu zija zakalamba tsopano, muzichotse. Ndidzatumiza bulangete lenileni la m'sitolo, la maluwa. Ya amayi anunso mukatenge.

Ine mwamuna wanu.


30 Juni

Amake Mafunso,

Moni. Ndili bwino.

Kodi mawu anga m'nyumbamo anasiya kugwira ntchito? Ndinati nsaluzo muchotse. Inu mukundiyankha kuti zikadali zatsopano, kuti si ine ndemwe ndinkalira kuti eni chuma amataya zinthu zabwino, kuti mwana analira mpaka munamubwezera. Mwana wa zaka zinayi ndiye akulamula? Mwandifunsa kuti chavuta n'chiyani. Palibe chavuta. Ndangoti muchotse, muike m'thumba la pulasitiki, mumange. Ndipo musazikunthenso. Bulangete la maluwa lili m'katonimu.

Pepani, ndalemba mokalipa. Mutu wanga suli bwino masiku ano.

Pabedi la Wayilesi pagona munthu wina tsopano, wabwera sabata yatha. Katundu wake tinalongedza ife, anakwana m'chikwama chimodzi. Mkazi wake anaimba foni kufunsa ngati anasiya mawu. Ndinamuuza kuti ankamutchula, ngakhale masiku omalizawo sankatha kutchula kanthu. M'chipinda muno mwangoti zii. Zofunda zake zija ndinakazibweza kuseri kwa fakitale kumene anazitenga.

Mwati anamwino akuti mwina ndi mphumu. Kwanu kulibe mphumu, kwathunso kulibe. Mankhwala opopera m'kamwawo azimwa monga anenera, ndipo mukaona milomo yake ikusintha mtundu musadikire kuti kuche.

Munafunsa kuti bwanji ndinkapuma choncho pa foni. Ndinali nditangokwera masitepe.

Ine mwamuna wanu.


24 Julayi

Amake Mafunso,

Sindifunsa ngati muli bwino, mlamu wandiuza zonse. Akuti mwana amugoneka m'chipatala, ali ndi timapayipi ta mpweya m'mphuno, ndipo inu mukugona pansi pambali pa bedi lake. Chimvereni sindikudya. Ndimatenga chakudya n'kumangochiyang'ana.

Akuti atamujambula m'chifuwa anaona zoyera mbali zonse ziwiri, koma chifuwa chachikulu sanachipeze, ndipo mankhwala a chibayo sakugwira. Akutinso dokotala anakufunsani ngati m'nyumba muli wosuta fodya, ngati mumaphikira m'nyumba, kapena ngati muli fumbi. Inu munakhumudwa n'kumuyankha kuti mumasesa ndi kukolopa kawiri pa tsiku. N'zoona, nyumba yanu munthu atha kudyera pansi. Palibe angakunenezeni.

Dzulo ndinapita kuchitseko cha ku labu. Ndinaima, ndinakweza dzanja kuti ndigogode, kenako ndinabwerera. Lero ndapitanso, ndabwereranso. Pali chinthu chimene ndikufuna kufunsa mayi uja, koma ndikachifunsa andifunsanso china. Ntchito ikatha chitupa changa chokhalira m'dziko la eni lino chathanso, ndiye mwana m'chipatalamo tidzamuthandiza ndi chiyani? Ndagwira njakata.

Mwina ndi mphumu yomweyo. Ana ambiri amadwala choncho n'kuchira. Nsalu zija munachotsa, si choncho? Simunandiyankhe.

Zonse zimene ndinali nazo ndatumiza. Musasiye kudya, mukadwala inunso tatha.

Ine mwamuna wanu.


30 Julayi

Amake Mafunso,

Foni yanga simukuyankha, ndipo sindikukudandaulani. Werengani kalatayi mpaka kumapeto, kenako muchite nayo zimene mukufuna.

Lolemba mlamu ankafuna kundilimbitsa mtima pa foni. Anati, "Musadandaule alamu, akugona bwino, tamubweretsera bulangete lake loyera lija kuchipatala konkuno." Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo. Mwana ali pa mpweya wa m'botolo, nsalu ija ili kukamwa kwake! Zimene ndinakuuzani pa foni ndikukuwa zija munazimva theka n'kudula. Ndiye ndilembe bwinobwino, osapita m'mbali.

Kautsi koyera kaja ndi ufa wa kufakitale kuno. Nsaluzo ntchito yake inali kuugwira kuti usapite kwa anthu, n'chifukwa chake amazikulunga m'mapulasitiki n'kuzitsekera. Ine ndinazimasula n'kuzitumiza kwa mwana wanga, ndipo ndinakuuzani ndi dzanja langa lomweli kuti muzizikuntha. Poyamba sindinkadziwa, safunsa anadya phula. Koma kuyambira tsiku limene mayi uja anatikalipira pa payipi ndinadziwa. Miyezi iwiri yathunthu. Ndikanalemba mzere umodzi wokha wonena chifukwa chake, mukanazitaya tsiku lomwelo, ndimakudziwani. Ndinaopa kuti mudzandiona bwanji, ndinaopanso ntchito. Amati manyazi anapha lambe, koma anga agwera mwana wosalakwa. Inu munakana kutaya chifukwa ndinakunamizani kuti zangokalamba. Mlanduwu si wanu ngakhale pang'ono.

Lachiwiri ndinagogoda ku labu. Ndinamuuza mayi uja zonse, za matiresi, za ndodo, za mitambo. Anagwira pakamwa. Kenako anafunsa zaka za mwana, miyezi imene wagonera nsaluzo, n'kuyamba kulemba. Anati, "Sindingalumbire kuti ndi ufawu wamudwalitsa, ine si dokotala. Koma dokotala wake akufufuza mumdima, ayenera kudziwa." Pepala limene lili m'kalatamu ndi lake. Pali dzina lenileni la ufawu, zimene anausakaniza nazo, ndi nambala yake ya foni, akuti dokotala amuimbire nthawi ina iliyonse. Chithunzi chake ndatumiza kale pa foni ya mlamu.

Akuti nsaluzo musaziwotche, musazikutumule. Mlamu amange kansalu konyowa kumphuno, aziwaze madzi a sopo chifukwa madzi okha sagwira, azipinde pang'onopang'ono n'kuika m'matumba awiri a pulasitiki. Matiresi nawonso achoke. M'chipindamo musasese, mukolope ndi chiguduli chonyowa, makoma omwe. Ya amayi anu musaiwale. Inunso mupemphe akujambuleni m'chifuwa, munkaima pafupi ndi chingwe.

Mayiyo anandiuza poyera kuti sangabise, ayenera kukanena kwa akuluakulu kuti matumba ena onse afufuzidwe kumene anapita. Ndinati kaneneni. Lachitatu kapitawo anandilanda khadi la pageti, ntchito yatha. Anzanga ena sakundiyankhula, akuti ndawaika m'mavuto.

Netiweki ya kuno sinavutepo. Sindinkachedwa pa foni kuti musamve mmene ndikupumira. Masitepe a nyumba ino ndimaima kawiri ndisanafike pamwamba. Lolemba akandijambula, ndipo Lachisanu linalo ndikwera basi. Zovala zonse za kuntchito ndizisiya konkuno. Musatume munthu kudzandichingamira, ndidzafikira pageti la chipatala. Mukadzati ndilowe ndidzalowa, mukadzati ayi ndidzakhala pomwepo, koma mundiuzeko mmene wadzukira.

Mwanayo akalirira bulangete lake, mulekeni alire. Musamuuze kuti mwamulanda ndinu, muziti adadi ndi amene akana.

Mukalandira kalatayi, m'mawa mwake dokotala akamazungulira, musadikire kuti akufunseni. Mupatseni pepalali m'manja. Akafunsanso za fumbi, musanene zosesa. Mumuuze kuti linabwera m'katoni, ndipo analitumiza ndi bambo ake.

Ine,
bambo ake a mwana.